Momwe mungagulire ma CD a nyimbo za m'magemu osakupusitsani ndi feki

Nyimbo za m'magemu zambiri zilipo pa YouTube ndi pa Spotify, izi tonse tikudziwa, koma alipo ena ngati ine amene timafuna chimbale chenichenicho m'manja, ndi kabuku kake komwe. Vuto ndi loti msika wa ma CD amenewa, makamaka a magemu aku Japan, unadzaza ndi feki, ndipo si feki yathu ija yobena pa kompyuta n'kulemba dzina ndi maka ayi. Izi zinapangidwa mu fakitale, kava yosindikiza bwinobwino, yomata mu pulasitiki, moti munthu utha kukhala nacho zaka ukuyesa ndi orijino.

Choyamba, musayambe ndi kusaka wogulitsa. Yambani ndi nambala. Chimbale chilichonse cha ku Japan chimakhala ndi nambala yake ya kampani, imalembedwa m'mbali mwa kava ndi kumbuyo, nthawi zambiri ngakhale pa CD pomwe. Lowani pa VGMdb, webusaiti ya mndandanda wa zimbale za nyimbo za m'magemu, ndi yaulere, mulembe dzina la gemu ndipo ikuonetsani zimbale zonse zomwe zinatuluka, chaka, kampani, nambala, ndi zithunzi za kava kutsogolo ndi kumbuyo. Mwachitsanzo chimbale cha nyimbo za Final Fantasy VII, zopekedwa ndi Nobuo Uematsu, chinatuluka mu 1997 ndi kampani ya DigiCube, ma CD anayi, nambala yake SSCX-10004. DigiCube inagwa mu 2003, ndiye Square Enix inachitulutsanso mu 2004 pa nambala SQEX-10001~4. Zonse ziwirizi ndi zenizeni. Chrono Trigger ya 1995 ndi ma CD atatu, PSCN-5021~3. Lembani nambalayo penapake, ndi imene muziyendera mpaka kumapeto.

Kenako lowezani mayina a opanga feki, si ambiri. SonMay ndi Ever Anime ndi amene anatchuka kwambiri, onse aku Taiwan, anadzaza msika kuyambira m'zaka za m'ma 1990 mpaka m'ma 2000 ndipo katundu wawo akuzungulirabe m'manja mwa anthu mpaka lero. Palinso Miya Records, Alion ndi K-O Records. Mukaona nambala yoyamba ndi SM, GGG, A8 kapena GM, ndi za SonMay ndi Ever Anime zimenezo, thawani. A Miya ndi a Alion ndiwo ochenjera chifukwa nambala zawo zimayamba ndi MICA ndi ALCA, zilembo zinayi ngati za ku Japan zenizeni, ndiye ukaona mothamanga umangoti basi ndi zomwezi. Ubwino wake VGMdb imalembanso ma feki ambiri ndipo imawaika chizindikiro kuti ichi ndi bootleg, ndiye kuti feki.

Tsopano pamene ndikufuna mukhazikike mtima pansi ndi pa zithunzi, chifukwa nambala ingakhale yolondola pa zomwe wogulitsa walemba koma chomwe chili m'nyumba mwake n'kukhala china. Ine zinandionekera. Wogulitsa wina analemba nambala yoona, chithunzi cha kutsogolo chokongola, ma review abwino, mtengo wotsikirapo pang'ono koma osati wokayikitsa, ndinalipira, ndinadikira, katundu atafika kutsogolo kunali chimodzimodzi koma nditatembenuza kumbuyo nambala inali ina, logo ya kampani ya ku Japan palibe, mtengo wa mu yen palibe, kabuku kamene kamayenera kukhala ndi masamba angapo kanali kapepala kopinda pawiri, zilembo zing'onozing'ono zosaoneka bwino ngati fotokope. Chithunzi chija anangochitenga pa intaneti. Nyimbo zimalira inde, koma ndinalipira ndalama ya orijino, kuphatikiza yotumizira, pa chinthu chimene wopeka nyimbozo sanalandirepo ngakhale tambala ndipo sindingagulitsenso kwa munthu wina ndi mtima woyera. Zinandiwawa kwambiri.

Ndiye musanatulutse ndalama uzani wogulitsa akujambulireni chimbale chomwe ali nachocho, osati chithunzi cha pa sitolo. Mufune zithunzi zitatu, kumbuyo kwa kava, m'mbali, ndi kunsi kwa CD kumene kumawala kuja, pafupi ndi kabowo. Ngati n'kotheka aike kapepala ka dzina lake pambali. Wogulitsa wachilungamo savuta pa izi, amene wayamba zoti zili mu pulasitiki sindingatsegule, kapena zonse n'zofanana bwana, musiyeni, kumbuyo kumaoneka ngakhale mu pulasitiki.

Chithunzi cha kumbuyo chikabwera yang'anani barcode. Ya ku Japan imayamba ndi 45 kapena 49, ma CD ambiri mupeza 4988, pamene ya ku Taiwan imayamba ndi 471. Chimbale chomati ndi cha ku Japan koma barcode 471, nkhani yathera pomwepo. Ma feki ena alibe barcode n'komwe. Yang'ananinso mtengo wosindikizidwa mu yen, tsiku lotulukira, ndi dzina la kampani kuti zikugwirizana ndi za pa VGMdb. Kachizindikiro ka JASRAC, bungwe loona za umwini wa nyimbo ku Japan monga ilili COSOMA kwathu kuno, kamathandiza kakakhalapo, koma si zimbale zonse zenizeni za magemu zili nako, ndiye musaweruze ndi kameneka kokha. Kunsi kwa CD kumakhala tizilembo tozungulira kabowo, pa zenizeni zambiri mupezapo nambala ya chimbale ija, ndi kena kolembedwa IFPI kosonyeza fakitale. Ka IFPI aka kanayamba mu 1994, choncho chimbale chakale kuposa apo kukhala chopanda si mlandu.

Palinso obi, kapepala kopyapyala kokuta mbali imodzi ya kava. Anthu osonkhanitsa amakakonda moti chimbale chokhala ndi obi chimakwera mtengo, ndiye chanu chikafika musakataye. Koma obi si umboni, ma feki ena ali nako, ndipo zenizeni zambiri za kaunjika zinataya kalekale. Ngati mukufuna zomvera chabe, gulani chopanda obi mupulumutse ndalama.

Za mtengo ndinene pang'ono. Chimbale cha DigiCube, kampani yoti inatseka mu 2003, wina akuti chatsopano chosatsegula, ali nazo mulu, mtengo wotchipa kutumiza ulere, abale, chimenecho n'chiyani? Orijino yosatsegula ya nthawi imeneyo siipezeka mulu. Komanso samalani ndi ogulitsa olemba mawu oti "import" kapena "Asian edition" osatchula nambala.

Kogula ndiye uku. Zatsopano pitani ku CDJapan, Play-Asia kapena sitolo ya Square Enix. Zogwiritsidwa kale ntchito, zomwe ndi zotchipa ndipo anthu aku Japan amasamala katundu modabwitsa, zili ku Suruga-ya, Mandarake, Yahoo Auctions ndi Mercari, ndipo poti ena mwa amenewa satumiza kunja mumadzera kwa okugulirani monga Buyee kapena ZenMarket, iwo amalandira katundu ku Japan komweko n'kukutumizirani. Njira yachidule apa ndi yoti musatumize chimodzichimodzi, dikirani zikwane zingapo azimange katoni imodzi, chifukwa ndalama yotumizira imatha kuposa ya CD yomwe. Discogs, msika wa zimbale wa pa intaneti, nayo ndi yabwino poti imaletsa kugulitsa zomwe zalembedwa kuti n'zosavomerezeka, komabe zithunzi funsani.

Kulipira kuchokera ku Malawi mukudziwa kale mmene forex ikuvutira, khadi itha kukana, ndiye ambiri timadalira m'bale wa ku Johannesburg kapena ku UK kuti alipire, alandire, adzabwere nazo mu chikwama. Mukamagwiritsa ntchito PayPal lipirani ngati mukugula katundu, osati ngati mukutumizira mnzanu, apo ayi feki ikafika mulibe kodandaula. Zikabwera pa positi kapena DHL sungani ina ya msonkho wa MRA.

Za vinyl, zimbale zazikulu za galamafoni zija, sindichedwapo, gulani kwa eni ake, Data Discs ya ku London imene imatulutsa za Sega monga Streets of Rage, kapena iam8bit, Laced Records ndi Fangamer. Zopanda dzina la kampani ya gemu kumbuyo zisiyeni. Magemu ang'onoang'ono monga Undertale ndi Celeste nyimbo zake zili pa webusaiti ya Bandcamp, mumagula kwa wopeka mwini wake, palibe za feki kumeneko.

Zikafika tsegulani mukujambula vidiyo, fananizani nambala, koperani nyimbozo pa kompyuta mu FLAC, mtundu wa fayilo wosaononga kamvekedwe, kuti CD isamakandike, ndipo sungani choimika, kutali ndi dzuwa ndi chinyezi cha nthawi ya mvula.