Mukafika ku France, moni kaye kenako mapepala

Choyambirira phunzirani kunena bonjour, lero lomwe osati mawa. Mukalowa mu shopu, pogula buledi, pokwera basi kwa dalaivala, olo mu lifiti, yambani ndi bonjour, kukada bonsoir, ndiye muzinena chomwe mwabwerera. Mukangofikira kufunsa mtengo, mayi wa pa kauntala akuyang'anani ngati mwamuponda chala ndipo akuthandizani monyinyirika basi. Munthu wosamudziwa muzimuti vous (inu), za tu (iwe) zija dikirani ayambe yekha. Zopsopsonana m'masaya nazo musazithamangire, ku Paris ndi kawiri koma madera ena katatu olo kanayi, ingoonani mwini wake akupanga bwanji.

Koma chimene chimaliza anthu kuno ndi mapepala abale. Gulani fayilo yaikulu, chilichonse muzipanga fotokope ndi kusunganso mu foni. Ngati mwabwera ndi viza yokhalitsa ija amati VLS-TS, muitsimikize pa intaneti miyezi 3 isanathe, mukaiwala mwadziputira nokha. Titre de séjour yanu, chiphaso chokulolani kukhala m'dziko muno, yambani kuikonzanso kudakali miyezi 2 mpaka 4 kuti ithe chifukwa malo okaonana nawo ku préfecture, ofesi ya boma yopereka ziphasozi, amavuta kupeza, ena amachita kudzuka usiku kukasaka pa intaneti. Ofesi iliyonse ikufunsani umboni wa komwe mumakhala, bilu ya magetsi imagwira ntchito koma nthawi zambiri isapitirire miyezi 3, ndiye apa mpomwe mutu umazungulira, banki ikufuna adilesi pomwe landilodi akufuna akaunti ya ku banki, zoona zake poyamba mumangopempha amene akukusungani alembe kalata yoti mukukhala kwawo aphatikize ID yawo ndi bilu yawo. Akaunti ikatseguka tengani RIB, kapepala ka manambala anu a ku banki, aliyense azikafuna kuyambira abwana mpaka a foni.

Nyumba, ma landilodi ambiri amafuna salale yanu ikhale katatu ya lendi komanso munthu wokuimirani mukalephera kulipira. Ngati mulibe ndipo zaka zanu ndi pakati pa 18 ndi 30, yesani Visale, ndondomeko yokuimirani pa lendi, njaulere. Ku CAF nako, ofesi yopereka thandizo la ndalama kwa mabanja, kafunseni ngati mukuyenera thandizo la lendi, osachita manyazi, eni dziko nawo amalandira.

Za chipatala lembetsani ku CPAM, ofesi ya inshulansi ya boma ya zaumoyo, mupeze khadi yake yotchedwa carte Vitale, imachedwa ndithu, musunge malisiti. Sankhani dokotala wanu mmodzi, kumuona ndi 30 euro ndipo boma limabweza pafupifupi 70 peresenti, zotsalazo ndi za mutuelle, inshulansi yowonjezera. Zikavuta imbani 15 ambulansi, 17 apolisi, 18 ozimitsa moto, kapena 112.

Ine chimene ndimawakondera anthuwa, nthawi yawo yopuma saseweretsa. Lamulungu mashopu ambiri ndi otseka, m'matauni ang'onoang'ono amatsekanso masana kuyambira 12 mpaka 2 kukadya, mu Ogasiti musayembekezere kuti fayilo yanu iyenda, anthu ali ku holide. Sitalaka ya masitima ikamveka onani app ya SNCF, kampani ya masitima, musanatuluke m'nyumba. Ikakwana 10 usiku tsitsani wailesi, aneba sachedwa kudandaula.

Mukafuna kusiya nyumba kapena kudandaula ku ofesi, foni yokha sikwanira, pitani ku positi, La Poste, mukatumize kalata yotchedwa lettre recommandée yokhala ndi kalisiti kosonyeza kuti yalandiridwa, kalisitiko muike mu fayilo muja.