Momwe mungasungire swaumu ya Ramadhani, kuyambira daku mpaka tarawehe

Ramadhani ndi mwezi wachisanu ndi chinayi pa kalendala ya Chisilamu, womwe Asilamu amasunga swaumu, kutanthauza kusala kudya, ndipo umatenga masiku 29 kapena 30. Chaka chilichonse umafulumira ndi masiku 10 kapena 11, ndiye musadalire tsiku la chaka chatha. Dikirani mwezi uoneke, mumve chilengezo cha Muslim Association of Malawi, ku mzikiti kwanu kapena pa Radio Islam.

Choyamba ndi niya. Usiku, kusanache, tsimikizani mumtima kuti mawa musala chifukwa cha Allah.

Kenaka daku, chakudya chomwe mumadya kusanache musanayambe kusala, ndipo apa ndi pomwe ambiri amadzipweteka okha. Munthu amadya nsima yambiri usiku n'kunena kuti yakwana, m'bandakucha sadzuka, kufika masana mutu uli waa! Dzukani, ndipo idyani chakumapeto, nthawi ya Fajr, swala (pemphero) ya m'bandakucha, itayandikira, chifukwa kuchedwetsa daku ndi sunna, chitsanzo cha Mtumiki Muhammad. Sankhani zokhalitsa m'mimba: phala la mgaiwa lothira nsinjiro, mbatata, mazira, nthochi. Usipa wamchere wambiri ndi tsabola zisiyeni, zimakoka ludzu. Tiyi wambirinso amangokutumizani kukataya madzi. Madzi enieni imwani pang'onopang'ono usiku wonse, osati chigubu chathunthu pa mphindi yomaliza. Adhana (kuitanira swala) ya Fajr ikamveka, siyani zonse mukaswali.

Kuchokera apo mpaka dzuwa kulowa, palibe kudya, kumwa, kusuta fodya kapena kukhalira limodzi monga banja. Kwathu kuno ndi maola pafupifupi 13 kapena 14. Mukadya moiwala, swaumu sinaonongeke. Lavulani chomwe chili m'kamwa, pitirizani. Lilime nalo limasala: miseche, bodza ndi zolalata zimadya malipiro a tsikulo. Wina akakuputani mu minibasi, yankho ndi lakuti "ndasala", basi. Ngati ntchito yanu ndi ya kumunda kapena yokoka makoka ku Mangochi, yolemetsayo igwireni m'mawa kusanatenthe.

Dzuwa likangolowa, futuruni, kutanthauza kumasula swaumu, osazengereza. Yambani ndi tende ngati alipo, ngati palibe madzi akwanira. Swalini Maghrib, swala ya dzuwa litangolowa, futali wa chinangwa kapena mbatata abwere pambuyo. Ine ndimaona kuti wodzaza mimba ndi masamusa ndi mandazi nthawi imeneyi ndi yemwe amasinza pa tarawehe, swala yaitali ija ya pambuyo pa swala ya usiku ya Isha. Qur'an ili ndi majuzu (magawo) 30, kotero juzu imodzi patsiku imakufikitsani kumapeto mwezi ukamatha.

Odwala ndi apaulendo aloledwa kumasula n'kudzabweza masikuwo, monga ikunenera Surat Al-Baqarah, ndime 184 ndi 185. Amayi omwe ali kumwezi kapena angobereka kumene sasala, amadzabweza. Okalamba ndi odwala matenda osachizika amapereka fidya, kudyetsa wosauka mmodzi pa tsiku lililonse. Wodwala shuga kapena womwa mankhwala tsiku ndi tsiku aonane ndi adokotala komanso ashehe mwezi usanayambe.

Masiku 10 omaliza onjezerani mapemphero, makamaka usiku wa pa 21, 23, 25, 27 ndi 29, pofunafuna Laylatul Qadr, usiku wopatulika kwambiri wa mweziwu. Zakatul Fitr, chopereka cha kumapeto kwa Ramadhani, chomwe ndi chakudya cholemera makilogalamu pafupifupi 2.5 mpaka 3 pa munthu aliyense wa m'nyumba mwanu, kaya ndi mpunga kaya chimanga, ifike kwa osauka swala ya Eid isanayambe.