Momwe mungawetere agulugufe ndi mwana wanu (neti ya udzudzu isayandikire)

Mzime wanga Tiyamike anafika zaka 7 anthu a kuno ku Bembeke asakumudziwa dzina. Kusukulu anali "mng'ono wake wa uja amakhala nambala wani". Kubwalo la mpira anali "mlongo wake wa goloboyi". Yunifolomu yosiyiridwa, nsapato zosiyiridwa, ndipo pa chakudya akati ayankhule, akulu akewo amakhala atamumalizira kale chiganizo. Tsiku lina ndinamutuma kumjigo, osabwerako. Nditamulondola ndinamupeza atanyonyomala, ndowa itasefukira kalekale, maso ali pa agulugufe omwe anaunjikana pamatope. Ndisanatsegule pakamwa kuti ndimukalipire anati, "Amayi, taonani, akumwa matope ndi kapaipi." Ankanena zoona: amayamwa timchere ta m'dothi lonyowa, ndipo ambiri mwa amene amatero ndi amphongo. Ine zaka zonsezi ndikutunga madzi pamenepo sindinaonepo kapaipiko.

Chaka chatha tinaulutsa agulugufe 11 oweta tokha. Nayi njira yake.

Choyamba, pezani mtengo wa mandimu, malalanje kapena manachesi. Gulugufe wosavuta kuyamba naye ndi uja wamkulu wakuda wa mawangamawanga achikasu, amene akatambasula mapiko amakwana masentimita 10. Akatswiri amamutchula Papilio demodocus. Amaikira dzira limodzilimodzi, lobulungira, lachikasu chotuwa, pansonga za masamba anthete, makamaka nthawi ya mvula. Mazira amavuta kuwaona, choncho sakani mbozi. Ikakhala yaing'ono imaoneka ngati chitosi cha mbalame, yabulauni ndi zoyera, dala kuti mbalame ziziidutsa. Musiyeni mwana aipeze yekha, maso ake ndi akuthwa kuposa anu. Thyolani kanthambi konse pamodzi ndi mboziyo, osaikanganula patsamba.

Mbozi zaubweya zisiyeni, zina zimayabwa koopsa. Za m'chimanganso ayi. Zimenezo nthawi zambiri ndi ntchemberezandonda zija zinavuta mpaka boma kulengeza za ngozi m'maboma 20 mu December 2017, ndipo zimasanduka kadziwotche wotuwa, osati gulugufe. Mukaweta zimenezo anthu apamudzi adzakuyesani mutu sukuyenda.

Ngati mulibe mtengo, pemphani kwa aneba, koma funsani kaye ngati sanapopere mankhwala. Kuno dimba lililonse la tomato ndi kachewere limapoperedwa, ndipo mphepo imaulutsira mankhwalawo pamitengo yoyandikana. Za kugula mbande pamsika, samalani. Bambo wina pa Lizulu anandigulitsa mbande ziwiri K3,000 iliyonse, akulumbira kuti ndi zolumikiza komanso zosapopera. Masamba ake ankanunkha Cypermethrin kuchokera patali, ndipo zolumikiza sizinali. Ndinazidzala, tinadikira mpaka zitaphukira masamba atsopano.

Chachiwiri ndi nyumba yake. Chigubu cha malita 5 choonekera mkati, chodula pamwamba ndi kutsuka bwino, chimakwana. Pansi yalani pepala la m'kope lakale. Kanthambi kaja kaikeni m'kabotolo ka madzi kuti masamba asafote, koma pakamwa pa kabotoloko tsekanipo ndi thonje kapena pepala, apo ayi mbozi idzatsikira m'madzi n'kumira. Imikaninso kamtengo kouma kamodzi kapena tiwiri mopendeketsa. Chigubucho chikhale pamthunzi pakhonde, dzuwa lisamachiombe.

Tsopano chovindikira. Apa mpamene ine ndinalakwitsa, ndiye werengani mofatsa.

Pamwamba pamafunika nsalu yolowa mpweya. Ine ndinaganiza msanga: neti yakale ya udzudzu, ija ndinalandira kusikelo, inali itang'ambika ndipo tinali titaisiya kale. Ndinadula chidutswa, n'kumanga ndi mphira ya chubu cha njinga, ndikudzitama kuti sindinaononge ngakhale tambala. Munali mbozi zinayi, ndipo Tiyamike anali atazipatsa mayina zonse. Mbozi zimakonda kukwera, usiku zinakwera mpaka paneti. M'mawa ziwiri zinali pansi zikudzipotokola, zikutulutsa madzi obiriwira pakamwa. Pofika madzulo zonse zinayi zinali zitauma.

Ndinayamba kuloza masamba, kenako kuzizira kwa ku Dedza, mpaka ndinafunsa mchimwene wake ngati sanaziseweretse. Amene anandidzutsa ndi mlamu wanga yemwe amayenda m'midzi pa za umoyo. Anangoyang'ana chigubucho n'kufunsa, "Alamu, neti imeneyi ntchito yake n'chiyani?" Ndinachita manyazi. Maneti a masiku ano si aja tinkanyika tokha m'beseni. Mankhwala ake amaikidwiratu kufakitale, amapangidwa kuti agwire ntchito pafupifupi zaka 3 ndi kupirira kuchapidwa maulendo 20. Neti ikhoza kukhala ndi zibowo zolowa nkhonya koma mankhwala akadalimo, ndipo mankhwala opha udzudzu sasankha kuti iyi ndi mbozi ya mwana. Kuichapa kamodzi ndi sopo sikuthandiza. Musaiyese n'komwe.

Chinandiwawa kwambiri si mbozizo. Tiyamike sanalire. Anangonena motsitsa mawu kuti, "Akanakhala achemwali sizikanafa." Mwana anali atadziweruza kale. Ndinamukhazika pansi n'kumuuza mosapsatira kuti wapha mbozizo ndine, ndi nzeru zanga za neti, iye sanalakwitse kanthu. Madzulo ndinabwerezanso mawu omwewo pamaso pa akulu ake, chifukwa kumuuza kumbali sikunali kokwanira. Anakhala sabata yathunthu osayandikira mtengo wa mandimu. Sindinamukakamize. Tsiku lachisanu ndi chitatu anabwera ndi kanthambi kuseri kwa msana.

Gwiritsani ntchito katani ya lesi ya pakaunjika, yochapa ndi kutsukuluza kawiri, kapena mpango wopyapyala. Ya lesi yong'ambika amagulitsa motchipa mukanenerera. Chigubucho chisagonenso m'chipinda momwe mumayatsa koyilo kapena kupopera mankhwala a udzudzu. Neti yanu pitirizani kugonamo, malungo sanapite kulikonse.

Kudyetsa ndi ntchito ya mwana, tsiku ndi tsiku. Masamba atsopano a mtengo womwewo, kusintha pepala la pansi lisanachite chuku. Nyerere ndiye adani akulu, choncho khazikani chigubucho pamwala mkati mwa beseni la madzi pang'ono. Mbozi imafundula kanayi, ndipo ikatsala pang'ono kufundula imangokhala duu osadya tsiku lathunthu. Sinafe, musaigwedeze. Ikafundula komaliza imasanduka yobiriwira, yonenepa, ndipo imadya moti mukatchera khutu mumamva kutafuna kwake. Mukaikhudza kumutu imatulutsa tinyanga tiwiri tofiirira tonunkha, n'kutibwezanso. Sitiluma, ndi toopsezera chabe.

Tinyangato ndi timene tinakopa achimwene ake, ndipo apa ndinaika lamulo limene ndimaliona lofunika kuposa zonse ndalembazi: chigubu ndi cha Tiyamike. Wofuna kuona apemphe kwa mwini wake. Wofuna kudziwa kanthu afunse mwini wake, ngakhale ine nditadziwa yankho. Akulu amathandiza ndi mtima wabwino, koma akangogwira kamodzi, ntchito yasanduka yawo. Mpatseni mwana kope lakelake, azilemba tsiku ndi kujambula zimene waona. La Tiyamike zilembo zake n'zokhotakhota, sindikonzamo.

Pakatha masabata awiri kapena anayi, kutengera kutentha, mbozi imasiya kudya, imayendayenda, kenako imadzimangirira pakamtengo kouma kaja ndi kaulusi kodutsa pamsana, n'kusanduka chikwa. Osachigwira. Kukatentha gulugufe amatuluka pakatha masabata awiri kapena atatu. Chikwa chathu cha mu May chinakhala nyengo yonse yozizira, ine n'kutsala pang'ono kuchitaya, koma chinatulutsa gulugufe kutayamba kufunda. Chikakhala ndi tizibowo ting'onoting'ono ndiye kuti timavu tinadyamo kale, tayani.

Chikwa chikada, n'kumaonetsa mawanga a mapiko mkati, dziwani kuti ndi mawa m'mawa. Amatuluka mapiko atakwinyika, amalendewera ola limodzi kapena awiri mpaka atawongoka ndi kuuma. Musamuthandize. Akayamba kukupiza, mwana alowetse chala pansi pa miyendo yake, akwera yekha, apite naye panja. Kumapiko osagwira. Chisoso chochepa musiyeko kumpanda osazula, maluwa ake agulugufe amawakonda.

Aphunzitsi a Sitandade 2 atamva, anapempha kuti chigubu chipite kusukulu, ndipo Tiyamike anaima kutsogolo kufotokoza za tinyanga tonunkha. Mkulu wake anabwera atakwiya pang'ono tsiku limenelo, akuti ana ena amamufunsa ngati ndi chemwali wake wa mwana wa agulugufe uja.

Mukamaliza tsukani chigubu ndi madzi otentha musanaikemo zina. Ndipo musamawete zopitirira zinayi nthawi imodzi ngati mtengo ndi umodzi. Wathu unatsala ndi nthambi zokhazokha mbali ya kumunsi, ndipo bambo a kunyumba mpaka lero amafunsa kuti mandimu othira m'tiyi chaka chino achokera kuti.