Musanagule aquamarine yang'anani kaye kaumbidwe kake

Anzanga amene mukuyamba kumene bizinesi ya miyala ku Mzimba, musamangothamangira mtundu wokha ayi, botolo losweka nalonso limakhala la buluu. Yambani mwawerenga mbali za mwalawo. Aquamarine, mwala wa mtengo wapatali wa buluu, ali m'gulu la kaumbidwe ka miyala lotchedwa hexagonal ndiye amakhala ndi mbali 6 ngati pensulo, koma kumutu kwake nthawi zambiri kumakhala kwafulati ndipo timizere take timatsata mulitali. Quartz nayenso mbali ndi 6 zomwezo koma iyeyu ndi wa trigonal, kumutu n'kosongoka ndipo timizere take timadutsa chopingasa. Garnet ndi wa cubic, amakhala wobulungira, kawirikawiri mbali 12.

Kuyang'ana kaumbidwe kumathandiza chifukwa mwala umakula motsatira mmene maatomu ake anayalirana mkatimo. Akakubweretserani chiduswa chopanda mbali zooneka, musalipire msanga, kachipimitseni kaye.