Mukaona zilembo za port m'mawu a Chingerezi

Inu amene mukulimbana ndi Chingerezi, musamathamangire dikishonale pa mawu aliwonse achilendo. Mukaona zilembo za port, yambani mwaganiza za kunyamula, chifukwa zinachokera ku mawu a Chilatini akuti portare, kutanthauza kunyamula. Transport ndi kunyamula anthu kapena katundu kupita naye kwina. Export ndi kutumiza katundu kunja kwa dziko, monga fodya wathu, pomwe import ndi kulowetsa, monga mafuta a galimoto. Porter ndi uja amakunyamulirani zikwama pahotela, ndipo chinthu cha portable n'chopepuka, chonyamulika m'manja.

Koma chenjerani, zilembozi zimanamiza nthawi zina. Portion ndi gawo chabe, ngati nthuli ya nkhuku imene akugawirani paukwati, za kunyamula palibepo. Tanthauzo limene mwaganiza likakana kulowa m'chiganizocho, pamenepo tsegulani dikishonale.