Kuphunzitsa masamu ndi zitsekerero ndi timitengo mu Sitandade 1 ndi 2

Mwana wa Sitandade 1 akhoza kulakatula manambala kuyambira 1 mpaka 20 osaphonya, koma mukamuuza kuti akupatseni timiyala 7, amangotapa dzanja lodzaza. Nyimbo ya manambala waidziwa, koma sanamvetse kuti nambala iliyonse imaimira kuchuluka kwa zinthu. Mankhwala ake ndi zowerengera zogwira ndi manja, zochokera pomwe sukulu ili, zija aphunzitsi amazitcha TALULAR. Vuto ndi lakuti m'makalasi ambiri zowerengerazo zimathera pa tebulo la aphunzitsi, ana 100 n'kumangoonerera ali chapatali. Phindu limabwera pokhapokha mwana aliyense akagwira yekha, ndipo m'kalasi yodzaza zimenezi zimafuna kukonzekera.

Zofunika kusonkhanitsa

Yambani ndi zitsekerero za mabotolo. Ana awiri amafuna zitsekerero 20, ndiye kalasi ya ana 100 ifunika 1,000. Musaope chiwerengerochi: mwana aliyense akabweretsa 10, zakwana. Zapulasitiki ndizo zabwino. Zachitsulo zimachita dzimbiri nthawi ya mvula ndipo m'mphepete mwake mumacheka, choncho zimenyeni ndi hamala kuti ziphwathalale ngati zina palibe. Zitsukeni ndi sopo, muziyanike, kenaka muike 20 m'kathumba kalikonse ka shuga kapena m'botolo lodula pakati.

Nyemba, chimanga ndi mtedza zisiyeni. Ana amadya, ena amalowetsa m'mphuno kapena m'khutu, ndipo zotsala anankafumbwe ndi makoswe amamaliza teremu isanathe.

Timitengo tikhale totalika ngati pensulo yogwiritsidwa kale ntchito, masentimita 10 mpaka 12, todulidwa mofanana komanso topanda nsonga. Nsungwi yowazidwa imakhalitsa, mapesi amafumbwa msanga. Zomangira dulani malegeni kuchokera ku chubu chakutha cha njinga. Mukadula chubucho mopingasa mumapeza timphete tokoka, tosavuta kumanga ndi kumasula kusiyana ndi luzi, limene mwana wa zaka 6 amathera nalo theka la phunziro akulimbana ndi mfundo. Ntchito yodula ndi ya akuluakulu: pemphani komiti ya sukulu kapena gulu la amayi kuti likuthandizeni tsiku limodzi.

Chomaliza ndi mathireyi a mazira. Thireyi ya mazira 30 ili ndi mizere 6 ya maenje 5. Idulenitu kuti chidutswa chilichonse chikhale ndi mizere iwiri, mupeza zidutswa zitatu za maenje 10. Mathireyi akasowa, jambulani mabokosi 10 pa katoni, asanu pamwamba asanu pansi.

Kuwerenga mogwira chimodzichimodzi

Akhazikeni ana awiriawiri. Gulu la ana 10 pa kathumba kamodzi ndi chiyambi cha ndewu: awiri ochangamuka amagwira zonse, ena asanu ndi atatu n'kumaonerera. Mukagawa, apatseni mphindi ziwiri zongoseweretsa zitsekererozo. Mukapanda kutero, adzaziseweretsabe pamene inu mukufotokoza.

Nenani nambala, mwachitsanzo 6. Mwana mmodzi aike zitsekerero m'maenje, chimodzi pa dzenje, akutchula mokweza, kudzaza kaye mzere wapamwamba. Mnzake atsimikize powerenganso akuloza ndi chala. Kenaka asinthane. Afunseni kuti, "Pamwamba pali zingati? Pansi zingati? Maenje opanda kanthu ndi angati?" Pang'onopang'ono mwana amayamba kuona yekha kuti 6 ndi 5 ndi 1, komanso kuti kukwana 10 kwatsala 4. Apa ndi pamene kuphatikiza ndi kuchotsera zimamera.

Poyendera magulu, yang'anani manja, osati kumva pakamwa pokha. Ana ena pakamwa pamathamanga kuposa chala, ndiye amafika pa 8 atagwira zisanu zokha. Oterowo auzeni kuti azisuntha chitsekerero chilichonse kuchoka kumanzere kupita kumanja akachitchula. Ena amawerenga bwino, koma mukafunsa kuti "zonse zilipo zingati?" amayambiranso pa 1, chifukwa sanadziwe kuti nambala yomaliza ndiyo yankho. Bisani zitsekererozo ndi dzanja lanu, mufunsenso. Palinso amene amati mzere wotayana uli ndi zambiri kuposa wothithikana ngakhale yonse ili ndi 5. Musawatsutse ndi mawu. Auzeni akwatitse chitsekerero cha mzere wina ndi cha mzere unzake mpaka aone okha kuti palibe chotsala.

Mitolo ya timitengo: mateni ndi mawani

Apa ndi pamene ana ambiri amatayikira, ndiye pakufunika kufatsa. Gulu la ana asanu lipatseni timitengo 70 ndi timphete 6, komanso katoni yogawidwa pakati ndi mzere: kumanzere mateni (mitolo ya timitengo 10), kumanja mawani (timitengo tosamangidwa). Katoni ikasowa, jambulani ndi choko pansi, kapena ndi kamtengo pa dothi ngati mukuphunzirira pansi pa mtengo.

Mitolo amange ana eni ake. Mukawapatsa yomangamanga, mwana amauona mtolo ngati chinthu chimodzi basi, sakhulupirira kuti muli 10. Lamulo likhale limodzi, ndipo alinene pamodzi tsiku lililonse: kumanja sikukhala timitengo 10, tikakwana 10 timangidwa n'kusamukira kumanzere.

Aonjezereni kamtengo kamodzikamodzi kuyambira pa 1. Pa 9 imani kaye, mufunse chimene chichitike akaika kena. Akamanga mtolo woyamba, lembani 10 pa bolodi ndi kuwaonetsa kuti 1 ndi mtolo uja, 0 ndi mbali ya kumanja imene yatsala yopanda kanthu. Pitirizani mpaka 23, ndipo asanatchule dzina la nambala, azinena kaye zimene akuona: "mitolo iwiri ndi timitengo titatu". Mwana wolemba 203 m'malo mwa 23 walemba zimene khutu lamva, 20 kenaka 3. Wosokoneza 13 ndi 31 muuzeni ayale manambala onse awiri moyandikana, anene yekha mulu umene angasankhe atakhala maswiti.

Pophatikiza 27 ndi 15, ayale mitolo iwiri ndi timitengo 7, pansi pake mtolo umodzi ndi timitengo 5. Ayambe kusonkhanitsa kumanja: tikwana 12, lamulo lija lathyoka. Amange 10, asamutsire kumanzere, kumanja kutsale tiwiri. Mitolo yakhala inayi, yankho 42. Mukadzalemba ka 1 kakang'ono pamwamba pa mateni, ana adzadziwa kuti ndi mtolo umene anamanga ndi manja awo. Wolemba 312 ndiye kuti sanamange mtolo, wangolemba 3 ndi 12 moyandikana.

Kuchotsera kumavutirapo. Pa 32 kuchotsa 15, ana ambiri amayala manambala onse awiri ngati akuphatikiza. Ayale 32 yokha, chifukwa 15 ikuchokera momwemo. Kumanja kuli tiwiri, tikufunika tisanu. Musafulumire kuwauza chochita, adikireni mpaka wina anene kuti "timasule mtolo". Akamasula, kumanja kukhala 12, kumanzere mitolo iwiri. Achotse tisanu, achotse mtolo umodzi, patsala 17. Amene wapeza 23 watembenuza, wachotsa 2 pa 5 poona kuti ndi zophweka. Mubwezereni ku timitengo, mumuuze akupatseni tisanu kuchokera pa tiwiri ali nato.

Nthawi ndi bata

Pa phunziro la mphindi 30, kugawa ndi kutolera kusapitirire mphindi 5 zonse pamodzi. Izi zimatheka ngati mzere uliwonse wa ana uli ndi mtsogoleri wodziwa kumene kuli katoni yosungiramo zipangizo za mzere wake. Atsogoleri azisinthana sabata iliyonse, atsikana ndi anyamata. Gwirizanani chizindikiro chimodzi: mukaomba m'manja katatu, manja onse pamutu, zitsekerero pansi. Chiyesereni kangapo tsiku loyamba musanayambe n'komwe masamu. Phokoso la ana akuwerenga si vuto, bola likhale la ntchito. Ndi bwino kuwadziwitsiratu aphunzitsi aakulu ndi a kalasi yoyandikana nayo. Potolera, ana awerenge ngati zakwana 20 m'kathumba. Kumeneko ndi kuphunziranso, ndipo zipangizo sizitha msanga. Mwana wosaona bwino mupatseni zitsekerero zowala mtundu pa katoni yakuda, akhale kutsogolo. Wovutika kugwira tinthu tating'ono mupatseni zitsononkho zodula pakati.

Kusiya timitengo

Zowerengera si zoti mwana akakalambe nazo. Ntchito iliyonse idutse masitepe atatu m'phunziro lomwelo kapena m'sabata yomweyo: agwire, ajambule, alembe. Akamaliza kuyala 23, ajambule m'kope timabokosi tiwiri toimira mitolo ndi timizere titatu, kenaka alembe nambala pambali. Mukalumpha kujambula, mwana amachita bwino ndi timitengo koma pa mayeso olemba amangoti kakasi, chifukwa sanalumikize ziwirizi. Kuti mudziwe ngati wakonzeka kusiya, mupatseni samu ngati 26 kuphatikiza 18, timitengo tili pambali, mumuuze afotokoze chimene akanamanga asanakhudze kanthu. Akanena kuti kumanja kukhala 14, amanga mtolo umodzi patsala tinayi, mulekeni azilemba. Akakakamira, mubwezereni timitengo kwa sabata ina, ndipo mumukhazike ndi mnzake amene wamvetsa.