Kuyesa mankhwala owononga DNA pa yisiti

Agogo anga a ku Mbare amaseka akamva kuti yisiti yomwe amatupitsira mandasi ndi yomwe ndimaswera nayo ku labu kuno ku Harare. Ndi yomweyo ndithu, Saccharomyces cerevisiae. DNA yake ikawonongeka imaikonza mofanana kwambiri ndi maselo athu, n'chifukwa chake mankhwala okayikitsa timayamba tawayesera pa iyo.

Pezani yisiti ya mitundu iwiri: yabwinobwino, ndi ina yochotsedwa jini ya RAD52, yomwe imalumikiza DNA ikaduka. Zigone usiku wonse mu YPD pa madigiri 30. YPD ndi chakudya chake: 1% yeast extract, 2% peptone, 2% glucose, ndipo ya m'mbale mumawonjezera 2% agar, yomwe imalimbitsa chakudyacho.

Mbale zikhale ziwiri, ina yopanda mankhwala, ina ya mankhwala otchedwa MMS (methyl methanesulfonate) a 0.01%. MMS amamata timagulu ta methyl pa DNA ndipo angayambitse khansa, choncho valani magolovesi, gwirani ntchito mu fume hood (kabati yokoka mpweya woipa), zotsala muzithetse mphamvu ndi sodium thiosulfate. Musathire MMS agar ili yowotcha. Dikirani izizire kufika pa madigiri 55, botolo likamagwirika m'manja. Mbalezo musazigoneke masiku, mphamvu ya MMS imatha.

M'mawa linganizani kuchuluka kwa maselo m'mitundu yonse iwiri. Tengani gawo limodzi la yisiti, sakanizani ndi magawo 9 a madzi ophedwa tizilombo, mubwereze kasanu, ulendo uliwonse mukutenga gawo limodzi pa zomwe mwangosakaniza kumene. Dontheza lililonse likhale ma microlitre 5, mondanda, pa mbale zonse ziwiri. Ziume kaye musanazitembenuze, apo ayi madontho amayenderera n'kukumana.

Pakapita masiku awiri kapena atatu zili mu incubator, bokosi lofunditsa, yambani kuyang'ana mbale yopanda mankhwala ija. Ngati apo mitundu iwiriyo sinamere mofanana, palibe choti muwerenge, yambiraninso. Ngati pa MMS yabwinobwino yamera koma yochotsedwa RAD52 ija yangoti zii, ndiye kuti DNA yapwetekadi. Mukamayesa mankhwala achilendo n'kuona zonse zafa mofanana, musathamangire kunena za DNA. Mwina mwachulutsa, mwina akupha kudzera kwina.

Za UV, kuwala kwa ultraviolet komwe nako kumawononga DNA, ndinaphunzira ndi misozi. Ndinawalitsa mbale za rad14, yisiti yosatha kudula DNA yopsa ndi UV, n'kuzisiya pawindo ndikuthamangira kombi ya ku Highfield. Lolemba ndinapeza zamera bwinobwino. Kani yisiti ili ndi enzyme yotchedwa photolyase, ya jini ya PHR1, imene ikaona kuwala imakonza zomwe UV yawononga. Tsopano ndikangozimitsa nyali ya UV, mbale ndimazikulunga mu foyilo nthawi yomweyo.

Magetsi akathima mu June, incubator imazizira ndipo yisiti imachita ulesi. Ipatseni tsiku lina musanajambule, ndipo mulembe maola amene inakhala pozizira.